DZIFUNSE USANAFUNSIDWE

Chaka chilichonse zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka, m'makomo ambiri a kuno kuchigwa kwa Kachindamoto mumamveka dandaulo limodzi: "Mwanayu ankawerenga usiku wonse, nanga walephera bwanji?" Makolo amaloza chala aphunzitsi, aphunzitsi amaloza chala silabasi, ndipo ena amafika poganizira mnansi kuti ndiye walodza mwana. Masiku ano pabweranso chifukwa china chatsopano. Akuti ana a ku Mua, ku Golomoti ndi ku Mtakataka sangapikisane ndi anzawo a m'tauni poti alibe lamya za m'manja zokhala ndi mapulogalamu owerengera. Ine ndikukana zonsezi kwamtuwagalu. Ophunzira ambiri amagwa pa mayeso chifukwa chakuti chimene amachitcha kuwerenga si kuwerenga konse. Mankhwala a nthendayi ndi otsika mtengo: kapepala kodula ndi lumo, kolembedwa funso kutsogolo, yankho kumbuyo.

Tiyeni tiyambe ndi kuona mmene wophunzira wamba amakonzekera mayeso. Amatsegula kope la manotsi nayamba kuyendetsa maso kuchokera pamwamba mpaka pansi. Akafika kumapeto amabwereranso poyamba. Ena amadula mizere kunsi kwa mawu ndi cholembera chofiira mpaka tsamba lonse kuti psuu. Ena amaviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisawabe. Pofika ulendo wachinayi mawu onse amaoneka odziwika, ndipo mtima umati, "Izi ndazigwira." Apa ndiye pagona chinyengo. Kuzindikira nkhope ya munthu pamsika wa Golomoti n'kosiyana ndi kutchula dzina lake, mudzi wake ndi mfunda wake. Maso amazolowera tsamba, koma m'chipinda cha mayeso tsambalo mulibe. Muli funso, pepala loyera ndi wotchi yosamva kupepesa.

Nkhani ya kuiwala akatswiri adaifufuza kalekale. M'chaka cha 1885 Mjeremani wina, Hermann Ebbinghaus, adasindikiza zotsatira za kafukufuku amene adachita pa iye mwini. Iyeyu ankaloweza mindandanda ya timaphatikizo ta malembo topanda tanthauzo, kenaka n'kumadziyesa patapita mphindi, maola ndi masiku kuti aone zimene zatsala m'mutu. Adapeza kuti kuiwala kumathamanga kwambiri m'maola oyambirira, kenaka kumayamba kuyenda pang'onopang'ono. Adapezanso kuti kubwereza kotalikirana masiku kumasunga zinthu m'mutu koposa kubwereza kounjika tsiku limodzi. Mlimi wa kudimba m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe sangadabwe nazo zimenezi. Iye amadziwa kuti madzi a mwezi wathunthu sathiridwa pa mpiru tsiku limodzi. Ukatero mbewu imawola lero, n'kudzauma sabata yamawa. Komabe ndi mmene ambiri a ife timathirira ubongo wathu: chilala teremu yonse, chigumula sabata ya mayeso.

Umboni wina ndi waposachedwa. M'chaka cha 2006 akatswiri awiri a ku America, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, adapatsa ophunzira a pa yunivesite nkhani yaifupi yoti aiphunzire. Gulu lina lidathera nthawi yake yonse likuiwerenga mobwerezabwereza. Gulu linalo lidapatsidwa mpata umodzi wokha wowerenga, kenaka nkhaniyo idachotsedwa, ndipo lidauzidwa katatu konse kulemba zonse zimene likukumbukira. Pa mayeso ochitika patangopita mphindi zisanu, owerenga mobwereza aja ndiwo adapambana. Koma pa mayeso ochitika patapita sabata imodzi zinthu zidatembenuka: owerenga mobwereza adakumbukira mfundo 40 pa 100 zilizonse, pamene odziyesa aja adakumbukira 61. Chochititsa chidwi n'chakuti owerenga mobwerezawo ndiwo adali ndi chikhulupiriro chachikulu chakuti adzakumbukira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Phunziro lake ndi ili: chinthu chimakhazikika m'mutu pamene ukuvutika kuchitulutsa, osati pamene ukungochiyang'ana.

Nzeru imeneyi si yachilendo pakati pathu. Makolo athu sankaphunzitsa ana mwa kuwalakatulira mayankho. Madzulo pabwalo wina ankati, "Ndagi!" enawo n'kuvomera, "Gize!" ndipo aliyense ankakanda mutu kusakasaka tanthauzo. Olephera ankayamba alipira ng'ombe ya pakamwa asanauzidwe yankho, ndipo yankho logula chotero silinkaiwalika. Ansembe a chipani cha White Fathers atakhazikitsa mishoni ya Mua m'chaka cha 1902, nawonso ankaphunzitsa katekisimu mwa mafunso ndi mayankho, ndipo agogo ambiri amakumbukirabe zimene adafunsidwa ali ana. Tsono khadi la mafunso limene ndikulimbikitsa pano ndi ndagi yomwe ija, kungoti yalembedwa papepala, ndipo woponya ndi womasulira ndi munthu mmodzi.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Tengani masamba otsala m'makope akale, kalendala ya chaka chatha kapena katoni ya sopo, mudule timapepala tokwana m'dzanja. Tsamba limodzi la kope lalikulu limatulutsa timakhadi tisanu ndi titatu. Kutsogolo lembani funso limodzi lokha, kumbuyo yankho lalifupi la m'mawu anuanu, m'chiyankhulo chimene phunzirolo limayesedwera. Wophunzira zaulimi angalembe kuti, "Kodi manambala a pa thumba la feteleza wa 23:21:0+4S akutanthauzanji?" Kumbuyo n'kulemba kuti pa magawo 100 alionse, 23 ndi nayitirojeni, 21 ndi fosifeti, potashi mulibe, ndipo 4 ndi salufa. Wa mbiri yakale angafunse chaka chimene John Chilembwe adaukira atsamunda, yankho n'kukhala 1915, kapena tsiku la riferendamu imene idabweretsa ndale za zipani zambiri, yankho n'kukhala 14 Juni 1993. Lamulo lalikulu ndi limodzi: musatembenuze khadi musanayankhe mokweza kapena kulemba yankho pansi. Wosuzumira kumbuyo asanayese akudzibera yekha.

Chachiwiri ndi kadongosolo ka kubwereza. Mtolankhani wina wolemba m'Chijeremani, Sebastian Leitner, adafalitsa m'chaka cha 1972 njira yosungira makhadi m'bokosi logawidwa zipinda. Ife tingaitsate pogwiritsa ntchito maenivulopu atatu, kaya timatumba titatu ta shuga. Makhadi onse atsopano amayambira m'thumba loyamba, limene limatsegulidwa tsiku ndi tsiku. Khadi limene mwaliyankha bwino limakwera kupita m'thumba lachiwiri, lotsegulidwa pakapita masiku atatu. Mukalikhozanso limapita m'thumba lachitatu, lotsegulidwa kamodzi pa sabata. Koma khadi lililonse limene lakugonjetsani, ngakhale litafika kale m'thumba lachitatu, limabwerera koyamba popanda kudandaula. Motero nthawi yanu yambiri imathera pa zimene simukuzidziwa. Wowerenga kope amachita mosemphana ndi zimenezi: amakonda masamba amene akuwadziwa kale poti ndiwo amamusangalatsa, n'kumalumpha amene amamupweteka mutu, amenenso ndiwo adzamugwetse.

Wina angati ntchitoyi ndi yaikulu. Tiyeni tiwerengetsere. Wophunzira amene amalemba makhadi 5 patsiku, masiku 5 pa sabata, amakhala ndi makhadi 25 pa sabata, ndipo m'masabata 12 amakhala ndi 300. Makhadi 300 amenewa amadya masamba osakwana 40. Akayamba teremu yoyamba ya Fomu 3, pofika kumapeto a teremu yachiwiri ya Fomu 4 adzakhala ndi makhadi 1,500, onse olembedwa ndi dzanja lake, ambiri mwa iwo atakwera kale kuthumba lachitatu. Kulemba makhadi asanu sikutha theka la ola. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Amene amadikira mayeso oyeserera kuti ayambe ndi amene ntchito imamukulira, pakuti zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tsopano tifike kwa anzathu amene akuti zonsezi n'zachikale, pakuti makhadi a masiku ano ali m'foni. Ndiwavomereze poyamba kuti mapulogalamu oterewa alipodi ndipo ena ndi abwino. Piotr Woźniak wa ku Poland adalemba pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa SuperMemo m'chaka cha 1987. Mnyamata wa zaka 15 wa ku America, Andrew Sutherland, adayambitsa Quizlet m'chaka cha 2005 pofuna kuloweza mawu a Chifalansa. Pulogalamu ya Anki idatuluka m'chaka cha 2006, ndipo ophunzira zaudokotala m'mayiko ambiri amaidalira. Mapulogalamu ngati Anki amawerengetsa okha tsiku loyenera kukuonetsanso khadi lililonse, amasunga makhadi zikwizikwi m'thumba la malaya, ndiponso amatha kukhala ndi zithunzi ndi mawu omveka. Sindine mdani wa luso lamakono. Ndimayamikira kuti kuyambira 2023 boma lidayamba kupereka matabuleti otchajidwa ndi dzuwa m'sukulu za pulayimale kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzirira kuwerenga ndi masamu. Koma tisaiwale kuti Woźniak yemweyo adayamba njira yake ndi pepala ndi cholembera asanaiike m'kompyuta. Mphamvu ili m'kudzifunsa ndi m'kubwereza motalikirana. Foni ndi chotengera chabe. Funso lathu likhale lakuti, kodi kwa wophunzira wa kuno, chotengera chodalirika ndi chiti? Ine ndikuti ndi pepala, pa zifukwa zinayi.

Chifukwa choyamba ndi moto ndi ndalama. Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse m'Malaŵi ndiwo ankaunikira nyumba zawo ndi magetsi a pamawaya, ndipo ambiri mwa iwo adali a m'mizinda. Kuno ku Golomoti kuli malo aakulu opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 20, amene adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2022. Ndi chitukuko chonyaditsa, koma magetsiwo amalowa m'mawaya a dziko lonse, ndipo wophunzira wa m'nyumba yosalumikizidwa amayendabe ndi foni kupita kumsika kukatchajitsa ndi ndalama. Njira ya kubwereza motalikirana imafuna kuti munthu asadumphe tsiku. Kodi ingayende bwanji pa chida chimene chimazima masiku awiri pa sabata, chimene chingabedwe, kugwera m'madzi kapena kugulitsidwa mwezi wa njala? Komanso m'mabanja ambiri foni ndi ya bambo kapena achimwene, ndipo imapita nawo kunyanja kapena kumsika. Nkhwangwa yobwereka sikhalira kuguluka. Khadi la pepala silifuna batire, silifuna mayunitsi, ndipo wakuba saliyang'ana kawiri.

Chifukwa chachiwiri ndicho chachikulu koposa. Kulemba khadi ndi theka la kuphunzira. Kuti wophunzira afinye masamba atatu a manotsi onena za likodzo kukhala makhadi asanu ndi limodzi, ayenera kumvetsa kaye ulendo wonse wa nthendayo: mazira amatuluka m'thupi la wodwala pokodza kapena pochita chimbudzi, amaswa m'madzi, tizilombo timalowa m'nkhono n'kuchulukana, kenaka timatuluka ndi kuboola khungu la munthu wosamba kunyanja kapena wowokera mpunga ku Bwanje. Posankha chofunika ndi kutaya chosafunika, mutu wagwira kale ntchito. Foni imabwera ndi yesero lalikulu, lakuti ungokoka pa intaneti mulu wa makhadi olembedwa ndi munthu wina. Makhadi oterewa kawirikawiri amatsata silabasi ya dziko lina, ena amakhala ndi mayankho olakwika, ndipo palibe amene adawayesa ndi buku lovomerezeka m'sukulu zathu. Wophunzira amanyadira kuti ali ndi makhadi zikwi ziwiri, chonsecho sadavutikirepo ngakhale limodzi. Kandimverere adakanena za m'maluwa.

Chifukwa chachitatu ndi phokoso. M'foni momwemo mmene muli makhadi mulinso WhatsApp, Facebook ndi TikTok, muli zotsatira za mpira ndi nyimbo zatsopano. Anthu amene amapanga zinthu zimenezi ndi akatswiri olipidwa kuti maso anu asachoke pagalasi, pakuti phindu lawo limachokera ku nthawi yanu. Wophunzira amatenga foni ndi mtima wofuna kubwereza masamu mphindi makumi awiri. Uthenga umodzi ukangolira, amati auone kaye, ndipo akamadzazindikira ola latha, batire latha, masamu ali pomwe adali. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Musandiuze kuti inu ndinu odziletsa kuposa anzanu. Akuluakulu a ndevu zawo akugonja pa nkhondo yomweyi tsiku ndi tsiku. Khadi la pepala lilibe khomo lina lotulukira: lili ndi funso, ndipo likudikira yankho.

Chifukwa chachinayi n'chakuti pepala limaloledwa paliponse ndipo limagawika. Sukulu zambiri za sekondale siziloleza ophunzira kukhala ndi foni, koma palibe mphunzitsi wamkulu amene adalandapo mwana timakhadi ta mafunso pa nthawi yowerenga. Wophunzira wa pasukulu yoyendera amene amayenda ola lathunthu m'mawa ndi madzulo angathe kubwereza makhadi makumi awiri panjira. Mtsikana wodikira pamzere wa pamjigo kapena kuchigayo, mnyamata woweta mbuzi kapena woingitsa mbalame m'munda wa mpunga, onsewa ali ndi mphindi zimene zimangotayika. Komanso mulu umodzi wa makhadi ungagawidwe kwa anthu anayi pansi pa mtengo, wina kufunsa, ena kuyankha, monga pa ndagi paja. Wolakwa amakonzedwa ndi mnzake pomwepo, ndipo wolemba khadi lolakwika amagwidwa msanga. Mutu umodzi susenza denga. Pamapeto pake mayeso a MANEB amalembedwa ndi dzanja papepala, ndipo dzanja lozolowera kulemba mayankho silinjenjemera tsiku limenelo.

Pali gulu lina la otsutsa limene ndimalilemekeza koposa a foni aja. Awa ndi amene akuti makhadi amasandutsa wophunzira chinkhwe, mbalame yobwereza mawu osadziwa tanthauzo lake, pamene maphunziro enieni ndi kuganiza. Mfundoyi ili ndi choonadi, koma yaloza mdani wolakwika. Chinkhwe weniweni ndi uja woloweza ndime yonse ya manotsi monga mmene mphunzitsi adalembera pabolodi, amene funso likangotembenuzidwa pang'ono amasowa polowera. Khadi labwino limafunsa kuti "chifukwa chiyani" ndiponso "zimatheka bwanji". Chifukwa chiyani kuno kuchigwa kumatentha pamene ku Dedza boma, ukangokwera Khwekhwelere, kumazizira? Chifukwa chiyani malungo amachuluka nyengo ya dzinja? Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chidakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963, Amalaŵi adachikana pa zifukwa ziti? Ndiponso tisanamizane: munthu saganiza ndi mutu wopanda kanthu. Mmisiri wosema ziboliboli ku Kungoni sayamba kufunsa dzina la sompho ali pakati pa ntchito. Zida zake amazidziwa ngati zala zake, n'chifukwa chake maganizo ake onse amakhala pa chimene akusema. Chimodzimodzi wophunzira amene mfundo zoyambira zili m'mutu mwake ndiye amakhala ndi mpata woganiza mozama pa funso lovuta.

Komabe khadi lili ndi malire ake, ndipo wonena kuti ndi mankhwala a nthenda zonse ndi wabodza. Khadi lingakukumbutseni lamulo la Pythagoras, koma silingakusovereni samu. Lingakukumbutseni magawo a kalata yantchito, koma silingakulembereni chimangirizo. Silingalowe m'malo mwa kuwerenga buku la nkhani za mchezo kuyambira koyamba mpaka kumapeto, kapena kugwira zipangizo za sayansi ndi manja. Dongosolo loyenera ndi ili: mvetsetsani phunziro m'kalasi, funsani pamene simunamve, lembani makhadi tsiku lomwelo, abwerezeni motalikirana, kenaka yesani mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo mutatseka kope ndi kudziikira nthawi. Funso lililonse limene lakuvutani pa mapepalawo libereke khadi latsopano.

Ndiyenera kunenapo za njira yachidule imene foni yafewetsa, ndiyo likasa. Pali ophunzira amene sawerenga poyembekezera kuti mayeso "atuluka" pa WhatsApp usiku wa tsiku lomaliza. Tikumbukire zimene zidachitika m'chaka cha 2020. Sukulu zidatsekedwa mu Malichi chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo ophunzira a Fomu 4 adadikira miyezi yambiri. Mayeso atayamba, mapepala ena adabedwa n'kufalikira pa mafoni, ndipo mu Novembala boma lidathetsa mayeso onse a MSCE. Ophunzira a m'dziko lonse, olakwa ndi osalakwa omwe, adalembanso mu Januwale 2021. Makolo adalipiranso zoyendera ndi zakudya, ndipo amene ankadalira likasa adapezeka ali manja lende. Amene adapulumuka ndi amene nzeru zawo zidali m'mutu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Kumbukiraninso kuti makhadi anu ndi a kunyumba ndi panjira basi. Kulowa nawo m'chipinda cha mayeso ndi kuwasandutsa likasa, ndipo chilango chake n'chimodzimodzi.

Pali phunziro limodzi limene makhadi angapulumutse anthu ambiri, ndilo Chingerezi. Tonse tikudziwa kuti munthu sangalandire satifiketi ya MSCE atalephera Chingerezi, ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse. Komanso mafunso a maphunziro pafupifupi onse amabwera m'Chingerezi, kotero kuti mwana amatha kudziwa yankho koma osamva chimene wafunsidwa. Wophunzira wa kumudzi, amene Chingerezi amachimva m'kalasi mokha, ayenera kutola mawu atsopano ngati mmene mayi amatolera nkhuni: lililonse limene wakumana nalo alilembe pakhadi, kumbuyo tanthauzo lake ndi chiganizo chimodzi chopeka yekha. Ayambe ndi mawu amene olemba mayeso amalamulira nawo, oti fotokoza, yerekeza, siyanitsa, tchula, longosola zifukwa, pakuti ambiri amataya malikisi poyankha funso limene sadafunsidwe.

Wina angafunse kuti ndikulimbikiranji chotere pa nkhani ya timapepala. Ndikulimbikira chifukwa kuno kwathu mtengo wa kulephera ndi waukulu. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, amene adalowa ufumu m'chaka cha 2003 ndi kumwalira m'chaka cha 2025, adadziwika dziko lonse lapansi chifukwa chothetsa maukwati a ana ndi kubwezera anawo kusukulu. Pofika 2016 adali atathetsa maukwati oposa 800, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo idakonza malamulo aakulu a dziko lino kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Koma kubwerera kusukulu ndi chiyambi chabe. Mtsikana amene wabwerera ali ndi mwana kumsana alibe maola anayi okhala pa desiki usiku, alibe foni, ndipo pali anthu m'mudzi amene akungodikira kuti alephere, adzanene kuti, "Tidanena ife, sukulu idangomutayitsa banja." Iyeyu ali ndi mphindi khumi apa, mphindi zisanu apo. Kumuuza kuti popanda foni yamakono sangakhoze ndi kumutsekera khomo limene mfumu idamutsegulira. Kumuphunzitsa njira ya makhadi ndi kumupatsa chida chokwana m'nsonga ya chitenje.

Pachifukwa ichi ndikupempha aphunzitsi kuti asinthe. Ndi angati amene amathera phunziro lonse akulembetsa manotsi, kenaka n'kutsanzika ndi mawu akuti, "Mukawerenge," osaphunzitsa ngakhale tsiku limodzi mmene munthu amawerengera? Mphindi zisanu zoyamba za phunziro lililonse zikhale za mafunso a zimene zidaphunzitsidwa dzulo, sabata yatha ndi mwezi watha, makope ali otseka. Mphindi zisanu zomaliza ophunzira alembe makhadi atatu, mphunzitsi aone ngati mayankho ali olondola. Aphunzitsi aakulu asatenthe mapepala olembedwa mbali imodzi amene amadzaza m'maofesi, awapereke kwa ophunzira. Makolo nawo asaganize kuti poti sadapite patali ndi sukulu ndiye kuti alibe gawo. Aliyense wodziwa kuwerenga angathe kugwira khadi, kufunsa mwana funso, n'kuona kumbuyo ngati wakhoza. Ngakhale wosadziwa kuwerenga angathe kufunsa kuti, "Lero m'thumba loyamba mwatsala angati?"

Nanga amene ali nayo foni ataye? Iyayi. Ngati muli ndi foni yanuyanu, potchajira podalirika ndi mtima wodziletsa, igwiritseni ntchito, koma mwa malamulo omwewa. Makhadi alembeni nokha kuchokera m'mabuku a silabasi yathu. Tsekani intaneti musanayambe kubwereza, pakuti pulogalamu ngati Anki imagwira ntchito popanda intaneti. Yankhani musanadinize batani loonetsa yankho, ndipo musadzinamize kuti mwakhoza pamene mwangoyandikira. Mukatero foniyo idzakhala wantchito wanu. Koma musayang'ane pansi mnzanu wa timatumba ta shuga, pakuti ntchito imene ikuchitika m'mutu mwake ndi yomweyo imene ikuchitika m'mutu mwanu, ndipo iye alibe mauthenga omusokoneza.

Pomaliza, ophunzira anzanga, tsiku la mayeso mudzafunsidwa mafunso, mufune musafune. Woyang'anira mayeso sadzafunsa kuti mudagona nthawi yanji, mudadula mizere ingati, kapena foni yanu ndi ya mtundu wanji. Chimene mungasankhe n'chakuti kodi tsiku limenelo lidzakhale loyamba kukumana ndi mafunsowo, kapena mudzakhale mutakumana nawo kambirimbiri panjira ya kusukulu, pamjigo ndi pansi pa mtengo wa mango. Lumo lilipo, makope akale alipo, ndipo phunziro la lero likadali lofunda m'mutu. Dulani timapepala tisanu madzulo ano, mudzifunse nokha musanafunsidwe.